Funsani za Saundi: Metal m'kalabu yaing'ono, koma zojambula zikungolira khrrr

Mwezi uno makalata angapo afika pa nkhani imodzi, ya metal, nyimbo zaphokoso za magitala olemera zija, m'makalabu ang'onoang'ono ndi kuvuta kwake pojambula. Ambiri achokera kwa abale athu a ku UK ndi ku Joni, poti kumeneko ma shoo otere amachitika sabata ndi sabata. Ndawadula pang'ono makalatawo kuti malo akwane.

Funso: Akulu, ine ndimakhala ku Birmingham. Mnzanga wa kuntchito anandikokera ku shoo ya metal m'kachipinda ka pamwamba pa pub inayake, anthu sitinakwane ndi 100 omwe. Kunena zoona sindimayembekezera kuti ndingakondwe koma zinandilowa, ng'oma ija imachita kukumenya pachifuwa. Ndinaima kutsogolo penipeni pafupi ndi sipika ya kumanzere nkumajambula vidiyo pa foni kuti nditumizire mng'ono wanga ku Zomba amene akuphunzira gitala. Kufika kunyumba, zithunzi zili bhobho koma mawu ndi khrrr khrrr basi, gitala sakumveka, woimba sakumveka. Foniyi ndi yatsopano komanso yodula. Yawonongeka kapena? Mnyamata wa ku Birmingham.

Yankho: Foni yanu ilibe vuto achimwene, musathamange nayo ku shopu. Kamaiki ka mu foni ndi ka mamilimita ochepa chabe ndipo anakapangira mawu a munthu wolankhula, amene amakhala cha m'ma decibel 60 pa muyezo wa kukula kwa phokoso. M'kalabu ya metal saundi imasewera pa 100 mpaka 110, ndipo pakamwa pa sipika pomwe munaima inupo, ng'oma ya phazi ikagunda imapitirira apo. Mamaiki ambiri a mu foni akafika cha m'ma 120 amakhala afika pothera. Zili ngati kukhuthulira ndowa yonse ya madzi m'kapu, kapuyo ingodzaza ndipo otsalawo atayika, simungawawolenso. Saundi nayo ikadutsa malire nsonga zake zimadulidwa, ndipo khrrr mukumvayo ndi nsonga zodukazo. Ma injiniya amati clipping. Pali mapulogalamu amene amayesa kuzikonza koma zikaduka nyimbo yonse ngati mmene mwafotokozeramu palibe chimene angabweze.

Chinanso mafoni ambiri amadzikwezera ndi kudzitsitsira okha voliyumu. Ng'oma ikagunda foni imatsitsa zonse, pakadutsa kamphindi imakwezanso, nde mukamvetsera bwino mumva nyimbo ikuchita ngati ikupuma wefuwefu. Pa nyimbo ya gitala wa galoni ndi mawu a munthu mmodzi zimenezi sizivuta kwenikweni chifukwa pakati pa mawu pamakhala mipata. Metal ilibe mipata. Woimba ng'oma akupondaponda ndi mapazi onse awiri mothamanga, zitsulo za pamwamba zija zikulira osaleka, magitala awiri ndi ophwanyika kale mwadala kuchokera mu ampu, besi ili pansi pake. Foni ikaphwanya saundi yoti ndi yophwanyika kale, chotsala ndi phokoso lokhalokha.

Ulendo wina chokani kutsogoloko. Yang'anani pamene pali mikisa, makina amene injiniya amasakanizirapo saundi, nthawi zambiri pamakhala pakati chakumbuyo, mukaime pafupi pomwepo, chifukwa injiniya amasakaniza zonse malinga ndi mmene zikumvekera pamene wakhala iyeyo. Pafupi ndi sipika imodzi mumangotola za sipika imeneyo ndi ampu yomwe mwayandikana nayo. Musatsamire khoma ndipo pakona musapiteko nkomwe, besi imaunjikana m'makona ndi m'mbali mwa makoma, m'kachipinda kakang'ono mukhoza kungosuntha mapazi atatu besi nkuchoka pa yogontha m'khutu kufika posoweratu. Kwezani foniyo pamwamba pa mitu ya anthu, onetsetsani kuti chala sichinatseke kabowo ka maiki, ndipo thawani anthu ocheza. Ubongo wanu umatha kusiya kumva mnzanu amene akukuwa pambali panu nkumatsata gitala, maiki ilibe nzeru zimenezo, imatola chomwe chili pafupi.

Ngati mwaikonda nkhaniyi gulani karekoda ka m'manja, monga Zoom H1n kapena Tascam DR-05X. Muike pa WAV, 24-bit, 48 kHz, muzimitse auto level, gain, yomwe ndi mphamvu yolowera saundi mu rekoda, muitsitse mpaka pamene ng'oma ikagunda kwambiri mita izingofika cha pa -12. Ziwoneka ngati zachepa koma kukweza pa kompyuta nkosavuta, kubweza zoduka ndiye kosatheka. Muyesere pa bandi yoyamba koma musiye mpata chifukwa bandi yomaliza nthawi zambiri imakhala yokweza kuposa zonse, injiniya makutu atatopa ndipo anthu atadzaza. Ola limodzi limadya pafupifupi 1 GB. Masiku ano kuli marekoda a 32-bit float amene amakuchotserani nkhawa ya gain, ndi abwino ndithu, koma musanamizidwe kuti mungaime nawo pakamwa pa sipika, maiki yeniyeniyo ikadzaza palibe fayilo imene ingakupulumutseni.

Potumiza ku Zomba tumizani ngati document pa WhatsApp, mukatumiza ngati vidiyo wamba imafinyidwa. Ndipo mumuuze mng'ono wanuyo amvere pa mahedifoni. Chingwe chapansi cha besi ya zingwe 4 chimalira pansi kwambiri, pa 41 Hz, cha besi ya zingwe 5 pa 31 Hz, kasipika ka foni sikafika nkomwe kumeneko.

Mwa njira, muli pamalo abwino zedi. Bandi ya Black Sabbath inayambira mumzinda wanuwo mu 1968, anyamata a ku Aston, ndipo anatsanzikira konko pa Villa Park pa 5 July 2025, patatsala milungu yochepa kuti woimba wawo Ozzy Osbourne amwalire. Judas Priest ndi a komweko. Napalm Death inakulira m'ka pub kotchedwa The Mermaid m'ma 1980, m'chipinda chonga chomwe munalowamocho. Tizipinda timeneto musatipeputse.

Funso: Bwana wa saundi, ndimaimba besi mu bandi ya metal ndi anzanga a konkuno ku Johannesburg, ine ndekha ndi Mmalawi. Tinaimba m'kalabu ina yaing'ono ndipo tinkafuna tijambule kuti tikhale ndi choonetsa pofunsira ma shoo ena. Ndinamupempha injiniya kuti atipatse chingwe kuchokera pa mikisa kulowa mu rekoda yanga, anavomera. Zotuluka zake zandikwiyitsa. Woimba akumveka ngati ali yekha m'bafa, ng'oma ya phazi ikungoti tiki tiki, magitala ali kutali ngati akuimbira nyumba ya aneba, besi yanga kulibiretu, ndipo pansi pake pali kulira kwina koti huuum. Koma anthu amene analipo akuti tinamveka bwino. Kodi injiniyayu anatichita chipongwe? Wa besi, Johannesburg.

Yankho: Sanakuchiteni chipongwe achimwene, ndipo zimene mwafotokozazi zikundiuza kuti amaidziwa ntchito yake. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, nde ndifatsapo.

M'bwalo lalikulu, chilichonse chimene anthu akumva chimadutsa pa mikisa chifukwa ng'oma ndi maampu paokha sangafike kwa munthu ali mamita 60. M'kalabu yaing'ono zimatembenuka. Wa gitala wabwera ndi ampu ya ma watt 100 ndi bokosi la masipika anayi a mainchi 12, chinthu choti chinapangidwira maholo akuluakulu, wachiimika m'chipinda cha anthu 100. Chipinda chadzaza kale ndi gitala injiniya asanakhudze kalikonse. Snare, kang'oma kolira mokuthwa kaja, ndi zitsulo nazo zikudzimvekera zokha, ampu yanu ya besi ikugwedeza pansi payokha. Nde injiniya atani? Amakweza m'masipika zokhazo zimene sizingalimbane pazokha, omwe ndi mawu a woimba ndi kumenya kwa ng'oma ya phazi. Magitala amangowaika pang'ono kapena kuwatsekeratu. Anthu m'chipindamo akumva ziwiri zitaphatikizana, za pa siteji ndi za m'masipika, nchifukwa akuti munamveka bwino ndipo sakunama. Inu munatenga theka lokha, la pa mikisa. Magitala akumveka kutaliwo ndi amene analowera m'mbali kudzera pa maiki ya woimba. Tiki tiki uja ndi woti injiniya anakweza kumtunda kwa ng'omayo kuti idutse pakati pa magitala, thupi lake linali kale m'chipinda.

Njira yotsika mtengo ndi kujambula ziwiri nthawi imodzi. Chingwe cha pa mikisa chikhalepo, komanso mamaiki awiri kapena karekoda kena kaime pafupi ndi mikisa, pamwamba, kutola chipinda. Marekoda ngati Zoom H4n kapena Tascam DR-40 amatha kuchita zonsezo pakamodzi, mamaiki ake akutola chipinda, mabowo a pansi akulandira mikisa. Kunyumba muzilowetse mu pulogalamu yokonzera saundi ya Audacity, ndi yaulere, kapena Reaper, chipinda chikhale maziko, za pa mikisa muziwonjezere pang'onopang'ono mpaka mawu a woimba atulukire, pomwepo lekani.

Koma pali kamsampha. Za pa mikisa zimafika nthawi yomweyo kudzera m'waya pamene za mu mpweya zimayenda mamita 343 pa sekondi, kutanthauza kuti mita iliyonse imachedwetsa pafupifupi ma millisecond atatu. Mukaima mamita 10 kuchokera pa siteji kusiyana kwake ndi pafupifupi ma millisecond 29. Mukangoziphatikiza osakonza ng'oma izimveka kawiri ndipo zina zizidyana, saundi nkukhala yopyapyala ngati ikutuluka mu paipi. Kulitsani chithunzi cha mafunde pa sikirini, pezani pomwe snare yagunda yokha koyambirira kwa nyimbo, muona kansonga kakuthwa pa mzere wa mikisa ndi kena kofutukuka pang'ono pa mzere wa chipinda, kokani umodzi mpaka ziyang'anizane. Ngati munagwiritsa marekoda awiri osiyana muzichita zimenezi pa nyimbo iliyonse, chifukwa mawotchi a mkati mwake sayenda mofanana ndendende ndipo pakutha pa ola amakhala atasiyana.

Njira yabwino koposa ndi kufunsa kuti mikisa yawo ndi yanji. Makalabu ambiri masiku ano ali ndi ya digito, monga Behringer X32 imene inatuluka mu 2012 ndipo yafala kwambiri, imeneyo imatumiza tchanelo chilichonse pachokha mpaka 32 kudzera pa USB kulowa mu laputopu. Zikatero zilibe kanthu kuti injiniya watsitsa gitala m'masipika, inu mwaitenga yonse ndipo mukasakaniza nokha kunyumba. Chofunika nchoti mumupemphe aike maiki pa ampu iliyonse olo asaifune m'masipika, maiki ya SM57 imodzi pa bokosi lililonse la gitala yakwana, besi yanu idutse pa DI box, kabokosi kolumikizira chida ku mikisa popanda maiki, pamwamba pa ng'oma pakhale mamaiki awiri. Musaiwalebe mamaiki a chipinda, popanda iwo zimamveka ngati mumayeserera m'galaja opanda anthu.

Za huuum uja, ndi 50 Hz ya magetsi. Kawirikawiri zimachitika rekoda kapena laputopu ikalumikizidwa ku soketi ina, mikisa ku soketi ina, kenako nkuzimanga pamodzi ndi chingwe cha saundi. Rekoda iziyendera mabatire, laputopu muichotse pa chaja, kapena pakati pakhale DI box yokhala ndi kabatani ka ground lift. Chimene musadzachite, ndipo wina akakuuzani mumukanire pamaso, ndi kudula waya wa earth pa pulagi ya ampu kuti kulirako kuthe. Kumathadi koma mwasandutsa gitala kapena maiki kukhala chinthu chopha. Les Harvey wa bandi ya Stone the Crows anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maiki yopanda earth. Mabatire ali ndi ubwino wina, magetsi akathima pakati pa shoo, zimene inu ku Joni ndi ife kuno tikuzidziwa bwino, fayilo yanu siwonongeka. Onaninso kuti bowo la rekoda laikidwa pa line osati pa mic, mphamvu yochokera pa mikisa ndi yaikulu ndipo imaphwanya khomo la mic olo gain mutaitsitsa bwanji.

Zina zili m'manja mwa bandi yanu. Woimba wa mabingu uja akamakumbatira mutu wa maiki ya SM58 ndi dzanja lonse amatseka timabowo ta kumbuyo, timene timachititsa kuti maiki izikana za m'mbali, zotsatira zake mawu amatsekeka ndipo masipika amayamba kuimba mluzu. Agwire pa chogwirira. A magitala atsitse maampu ndipo awatembenuzire cham'mbali kuloza makutu awo eni, osati kuloza anthu kapena maiki ya woimba. Ndikudziwa kuti kuuza wa gitala wa metal kuti atsitse ndi nkhondo, koma ampu ikatsika injiniya amapeza danga loika gitala m'masipika ndipo zonse zimakoma, m'chipinda ndi pa zojambula pomwe. Wa ng'oma amenye ng'oma mwamphamvu koma zitsulo azimenye mwaulemu, m'kachipinda ka makoma a simenti zitsulo ndi zimene zimalowa mu maiki iliyonse.

Ndipo injiniyayo mumufikire bwino. Mulembereni shoo isanafike, fikani molawirira, zingwe mubweretse zanu. Osamupatsa rekoda pa nthawi yosinthana mabandi pamene ali ndi mphindi 15 zochotsa zida za ena ndi kuika zanu. Ngati mungathe muwonjezereni kangachepe chifukwa kujambula si ntchito imene kalabu inamulembera.

Funso: Achimwene, ndinapita ku shoo ya metal kuno ku Cape Town Loweruka. Lero ndi Lachitatu koma khutu lakumanja likungolira tiiii ndipo anthu akamalankhula zikumveka ngati ndili m'madzi. Anzanga akuti ndi mmene zimakhalira, ndizolowera. Ndi zoona? Mtsikana wa ku Cape Town.

Yankho: Achemwali, anzanuwo akulakwitsa ndipo ndikupemphani musadikire, pitani kuchipatala sabata yomwe ino akakuyezeni makutu. Kulira kwa tsiku limodzi kumachitikira ambiri, nakonso ndi chizindikiro choti khutu lapwetekeka, koma masiku anayi, khutu limodzi, komanso kumva mogontha, zimenezo nzofunika dokotala msanga chifukwa mavuto ena a kumva amathandizika pokhapokha akawapeza koyambirira. Pakadali pano mahedifoni ayambe apuma, kumalo aphokoso musapiteko, ndipo musatokose m'khutu ndi kanthu kalikonse.

Chimene anthu amati kuzolowera ndi kugontha kumene. Mkati mwa khutu muli timaselo tonga tsitsi timene timasandutsa kugwedezeka kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo mwa munthu tikafa sitimeranso. Muyezo umene a zaumoyo wa pantchito ku America, a NIOSH, amagwiritsa ntchito ndi woti ma decibel 85 munthu akhoza kukhalamo maola 8, ndipo pakangowonjezereka atatu nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4, pa 94 ola limodzi, pa 100 mphindi 15 zokha. Bungwe la WHO mu 2022 linatulutsa malangizo a malo a zisangalalo onena kuti saundi isapitirire 100 poyeza pa mphindi 15 zilizonse. Shoo ya mabandi anayi imatenga maola atatu kapena anayi, werengani nokha.

Sindikuti musiye kupita ayi. Gulani zotsekera m'makutu. Za siponji zija za ku famase kapena ku hadiweya nzotchipa ndipo zimateteza kwambiri bola muziike bwino, muifinye ndi zala mpaka iwonde, dzanja lina lidutse pamwamba pa mutu nkukoka khutu m'mwamba, muilowetse, muigwire mpaka ifufume. Vuto lake zimabisa kumtunda kwa nyimbo. Pali zina zopangira oimba zimene zimatsitsa ndi ma decibel 15 mpaka 20 mosasintha kwambiri kamvekedwe, ndipo mudzadabwa kuti ndi zimenezo magitala amamveka bwino kuposa opanda kanthu, chifukwa khutu nalo likapanikizika limaphwanya saundi. Mukayang'anitsitsa m'makutu mwa oimba ndi ma injiniya ambiri mupeza atavala. Pakati pa mabandi tulukani panja makutu apume. Ndipo uthengawu si wa a metal okha, amene mumakhala pafupi ndi zokuzira mawu pa ukwati, pa chinkhoswe ndi kutchalitchi kwina kumene amakweza mpaka malata kunjenjemera, khutu silisankha mtundu wa nyimbo.

Funso: A Mkonzi, mwana wanga ali pa sukulu ku Gaborone ndipo wanditumizira vidiyo ali kumalo kwina kwamdima, anthu atavala zikopa zakuda akukankhana ngati ndewu, woimba akubangula ngati chilombo. Mtima wanga suli m'malo. Kodi mwanayu walowa za satana? Mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo sindiipeputsa. Ndikuuzani mmene zilili. Kukankhana mwaonako ndi kavinidwe kawo, amati mosh, ndipo kali ndi malamulo ake amene aliyense amawatsata, wina akagwa oyandikana naye amaima nkumudzutsa, amene sakufuna amaima m'mbali ndipo sakokedwa. Anthu amavulala nthawi zina, zimenezo sindibisa, mphuno kapena bondo, koma si ndewu. Kubangulako ndi luso la kaimbidwe limene amachita kuphunzira kuti asawononge pakhosi.

Ku Botswana nyimbozi zinakhazikika kalekale pakati pa Atswana eni ake. Kuli mabandi odziwika mpaka kunja monga Wrust, Skinflint ndi Overthrust ya ku Ghanzi, ndipo a Overthrust amachititsa chikondwerero cha metal ku Ghanzi komweko chimene chimasonkhanitsa thandizo la ana ovutika. Zikopa ndi zipewa za akauboyi ndi kavalidwe ka otsatira ake kumeneko, Lolemba amavula nkupita kuntchito ngati wina aliyense. Ngakhale kwa aneba athu ku Zambia magitala olemera si achilendo, m'ma 1970 kunali Zamrock, a WITCH, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi, ndipo akuluakulu ambiri anavinako.

Komanso sindikunamizani kuti zonse nzoyera. Alipo mabandi, makamaka a mtundu wotchedwa black metal, amene amaimba zonyoza chipembedzo ndi kugwiritsa zizindikiro za satana, ena pofuna kungodzidzimutsa anthu, ena akutanthauzadi. Alipo oimba za nkhondo, za ndale, za imfa ya abale, za nthano zamakolo, ndipo alipo a chikhristu enieni monga Stryper ya ku America. Pa vidiyo ya foni simungasiyanitse chifukwa mawu samveka. Mufunseni mwana wanu dzina la bandi ndi zimene amaimba, akuwerengereni mawu ake, mumve kuchokera kwa iye. Mukamuyamba ndi kumuweruza adzasiya kukutumizirani mavidiyo koma kupitako sadzasiya. Mumufunsenso amabwerera bwanji usiku, amapita ndi ndani, zakumwa zikuyenda bwanji, ndipo mumuuze agule zotsekera m'makutu.

Funso: Nanga bwanji ma albamu a live a mabandi akuluakulu amamveka bwino chonchi pamene ife zikutikanika? Komanso ndikajambula bandi m'kalabu ndingaike pa YouTube? Wowerenga wa ku Lusaka.

Yankho: Iwowa amajambula chida chilichonse pachokha, amabwera ndi injiniya wina wongoona zojambula amene amakhala kutali ndi phokoso la siteji, amajambula mausiku angapo nkusankha abwino, kenako amakasakaniza mu situdiyo kwa milungu. Ena amakonzanso zolakwika. Unleashed in the East ya Judas Priest inajambulidwa ku Tokyo mu 1979 koma Rob Halford anavomera yekha kuti mawu ake anakawaimbanso mu situdiyo ku England. Nde musamayerekeze karekoda kanu ka m'manja ndi zimenezo. Komanso ambiri okonda metal amafuna zomveka thukuta, bola ng'oma, magitala ndi mawu zikusiyanitsika.

Za YouTube, nyimbo ndi za amene anazipeka ndipo kaimbidwe ka usiku umenewo ndi ka oimbawo, kugula tikiti sikukupatsani umwini. Kadutswa ka masekondi ochepa mabandi ambiri amakondwera nako, koma shoo yonse funsani kaye. M'kalabu yaing'ono nzosavuta, oimba amakhala pa tebulo lawo logulitsira ma T-shirt akangotsika pa siteji, apezeni pomwepo, kapena musanayambe kujambula ngati nkotheka, muwalonjeze kuti muwatumizira fayilo. Ambiri amavomera chifukwa alibe wowajambula. Akamvetsera nkukuuzani kuti usiku umenewo sanaimbe bwino musaike, asungireni ulemu. Kugulitsa ndiye ayi popanda mgwirizano wolembedwa. Ngati mukufuna kuimika sitandi ya maiki kapena kulumikiza pa mikisa, eni kalabu ndi injiniya nawo ayenera kudziwa, ndipo sitandiyo muimange bwino ndi tepi pafupi ndi mikisa, kutali ndi pamene anthu akukankhana.